Mphepo Yolambalala Nyumba ya Bernardina

Quelimane, 6 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi amalume a Florentino ndi onse kumudziko. Ine ndili bwino, kungoti kutentha kwa kuno sikuzolowereka. Ndalemba papepala chifukwa pa foni mumangoti "eya, eya, mwana wanga," kenako n'kukachita zanu.

Nkhani ndi ya fumbi la mgodi wa paphiri la Namphungu. Ofesi yathu yapatsidwa ntchito yojambula mapu osonyeza kumene mphepo imapita nalo fumbilo. Timaiuza kompyuta kutalika kwa phiri, kuchuluka kwa miyala imene akuphwanya, ndi kumene mphepo imachokera, iyo n'kujambula. Nyumba zimene zigwe pamalo ofiira, eni ake adzasamutsidwa. Kampani ya mgodi yayamba kale kumanga nyumba za njerwa ndi malata kumphambano kuja, kumene kompyuta yati fumbi silifika. Otsala poyera palibe chawo.

Tsono vuto ndi ili. Mphepo imene tinaipatsa kompyutayo ndi yoyezedwa kuno kugombe, popeza kwathuko kulibe choyezera. Ndiye yajambula kuti fumbi lambiri limathawira kuthengo, mudzi wathu uli mbee. Abwana anga, a Reinaldo, akuti mapuwo ndi okongola. Koma ine ndinakumvani mmene munkatsokomolera pa Pasaka, ndipo mtima wanga sunakhale pansi kuchokera tsiku limenelo. Ndikufuna muchoke m'fumbimo chifuwacho chisanakule.

Andilola kubweretsa umboni. Ndatumiza ndi dalaivala wa shapa, minibasi ija yobwera kwathuko, mbale zoyera zisanu ndi zitatu ndi botolo la vaselini, zinayi zanu, zinayi za amalume. Muzipake vaselini, muziike panja pamalo okwera, zikhale masabata awiri kuti fumbi limatirire. Musazikhudze, musazipukute. Mukatero muzivundikire n'kuzibweza. Lipoti titseka pa 30 Ogasiti.

Mundiuze za kumunda. Ngati mtedza mwakumba musandiiwale.

Mwana wanu,
Gelson

*

Mongue, 22 Meyi 2024

Mwana wanga Gelson,

Ife tadzuka, kaya iwe amene ukugwira ntchito yofunsa makina kumene mphepo imapita. Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, kachitatu ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Zaka zisanu za sukulu yaikulu, mapeto ake ukufunsa bokosi, amako ali moyo.

Mphepo ya kuno ine ndimaidziwa ndi lichero. M'mawa imatsika paphiri, ndiye ndikamapeta nyemba ndimafulatira Namphungu. Dzuwa likafika paliwombo imagona. Chakumadzulo imadzuka itatembenuka. Kukatentha, mu Okutobala ndi Novembala, imazungulira kuseri kwa phiri n'kukatula katundu wake yense kumphambano, kumene ukuti akumanga nyumbazo. Ulipatse moni bokosi lakolo, ulifunse ngati linapetapo.

Fumbi lilipo, sindikukana. Makaka ndikayanika oyera, ndimaanula otuwa. Nkhwani umalumitsa mchenga ngakhale uutsuke katatu. Tambala wanga wasasa mawu, m'mawa amangotsegula pakamwa, ife n'kumangoganiza kuti walira. Koma chifuwa changachi ndi cha msinkhu, usachiike m'mabuku.

Ndifunseko, popeza safunsa anadya phula. Tikamasamukira kunyumba za malatazo, mitengo yanga ya mango isanu ndi iwiri nayonso ikwera lole? Nanga abambo ako a Mikayeli amene anagona pansi pake, mapu ako akuti chiyani za iwo?

Mbale ndi zabwino, zotere pamsika wa Mongue sizipezeka. Ndabweza zitatu, imodzi ili ndi ntchito. Mtedza uli pansi pa katoniyo.

Ndine mayi ako,
Bernardina

*

Mongue, 22 Meyi 2024

Kwa a Injinyeru Gelson, mwana wa mlongo wanga,

Ine Florentino, amene ndinakunyamulani panjinga popita ku ubatizo, ndikupereka moni ndi ulemu. Thupi lili bwino, koma njinga yomwe ija tayala lakumbuyo latha. Sizipereka ulemu kuti malume wa injinyeru aziyenda pa limu, anthu amaona.

Ntchito ya mbale ndaigwira ndi mtima wonse. Nkhaniyi ndaimvetsa bwino lomwe: mbale yolemera, nyumba ya malata. Anthu kuno ayamba kunditcha shefi wa fumbi, ndiye kuti bwana wa fumbi, ndipo ena akubwera ndi mbale zawozawo kuti ndiziyang'ane. A Fabião anabwera ndi beseni losambira. Ndawauza kuti izi ndi za sayansi, sizifuna phuma.

Mudzaona kuti zanga zikulemera ndithu. Musadabwe, mphepo imandikonda kuyambira kale. Pojambulapo mundiike pakatikati penipeni pa chofiiracho, osati m'mphepete ayi, poti m'mphepete munthu amatha kufufutidwa ndi chigongono. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akazi anga a Vitória akuti nyumbayo khomo lake liyang'ane kumsewu, anthu odutsa aziona katani.

Amayi anu ndawalangiza mmene angathandizire mphepo pa ntchito yake, koma mukuwadziwa. Anangondiyang'ana n'kundifunsa ngati ndadya.

Wanu pa chitukuko,
Florentino

*

Quelimane, 5 Juni 2024

Amayi ndi amalume,

Moni nonse. Mtedza ndalandira, zikomo. Zina zonse zandiimitsa mutu.

Ndiyambe ndi amalume. Mbale zanu titaziika pa sikelo, mayi wa mu labotale anaitana anzake kuti adzaone malodza. Munali katondo, pomwe fumbi la mgodi ndi lotuwa. Munali miyala yonga nzama, nthenga ya nkhuku, ndi chitsekerero cha botolo la mowa. Amalume, mphepo imene inganyamule zimenezi bwenzi itasasula denga lanu, inuyo n'kukakusiyani kutali ku Majaua. Anandifunsa kuti mbalezo ndi za ndani, ine ndinati za munthu wina wa kumudzi kwathu, sindimudziwa bwino.

Amayi, zanu ndiye kwina. Zabwera zoyera kuposa mmene ndinazitumizira, zikununkhira sopo. Ndikudziwa chimene chachitika. Simunafune kuti anthu a m'tauni aziti mayi wake wa Gelson ndi waumve. Koma amayi, manyazi anapha lambe. Pa ntchito iyi litsiro ndiye mboni yanu. Mbale yoyera ikuuza kompyuta kuti pakhomo panu palibe fumbi, ndipo kompyuta imakhulupirira chilichonse chimene yauzidwa. Chonde, masabata awiri okha, manja anu akhale kutali.

Za mango musade nazo nkhawa, mango ali mbwee pamsika uliwonse. Za manda, a kampani ali ndi ndondomeko yake, pali fomu. Choyamba ndi moyo wanu. Zoti mphepo imatula kumphambano ndaziyesa, kompyuta yakana.

Ndatumiza mbale zina zokwanira makomo onse a mbali yathuyo. Amalume mugawe, koma mungogawa basi. Tayala lili pamwamba pa katoni.

Gelson

*

Mongue, 9 Julaye 2024

Mwana wanga,

Tadzuka, ngakhale chiperoni chatigwira sabata yathunthu, zovala sizikuuma. Iwe uli bwanji? Ukudya? Kalata yako ija inali ya munthu wosadya bwino.

Zoona, zoyamba zija ndinatsuka. Amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera, ndiye a Fátima atayang'ana pathandala anandifunsa ngati ndayamba kuweta nkhumba. Ndinasowa poika nkhope. Chibadwire changa mbale sinagonepo panja ndi litsiro. Ngakhale kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya kwa Ruo, kumene sopo tinkangomumva m'nkhani, tinkakwecha ndi phulusa.

Zachiwirizi ndinaziika pamene unanena. Ndazibweza, uziona wekha.

Amalume ako aphunzira. Atamva kuti fumbi loyenera ndi lotuwa, tsopano amakatapa kumpanda wa mgodi, amasefa ndi sefa ya ufa ya a Vitória, n'kumawaza pang'onopang'ono ngati mchere pa ndiwo. Atsegula sukulu pansi pa mkuyu, ndipo mudzi wonse wakhoza mayeso. A Fabião ndi amene akhala nambala wani. Ine sindinakuuze, wamva?

Za fomu ya manda ndamva. Sindinkadziwa kuti a Mikayeli adzafunikanso kudinda chala. Ndawauza, sanayankhe.

Mayi ako

*

Quelimane, 12 Ogasiti 2024

Amayi,

Moni. Ndilibe mphamvu zolembera zambiri za moni, mundikhululukire.

Mbale zanu zabweranso zoyera. Ulendo uno simunagwiritse sopo, mwapakanso vaselini watsopano pamwamba kuti ndisazindikire. Ndazindikira.

Mverani tsono zimene mwapanga. Tinaipatsa kompyuta nambala za makomo onse. Za amalume ndi ophunzira awo zinadutsa bwinobwino, mayi wa mu labotale anayamikira kuti fumbi lake ndi losalala. Kompyuta inavomera kuti mudzi wathu uli m'fumbi, zimene ndinkafuna. Koma itafika pa nambala zanu inagwira njakata, ndipo popeza siyingatsutse mbale, yakhotetsa mphepo. Pamapu atsopanowa mphepo ikutsika paphiri, ikafika pakhomo panu ikupatuka ngati mkamwini wakumana ndi apongozi panjira, ikulambalala, n'kukakhuthula zonse kwa amalume. Mudzi wonse uli psuu, pakati pali kadontho koyera. Kadonthoko ndinu.

Ndinapita kwa a Reinaldo kukawauza zoona, kuti mbalezo zinatsukidwa. Anandifunsa kuti nyumbayo ndi ya ndani. Nditanena kuti ndi ya mayi anga, anavula magalasi n'kundiuza kuti sayansi siyendera chibale, ndipo ndikakhudza nambala za mayi anga ndiye katangale ameneyo. Iwo apeza kale chifukwa chake: akuti mitengo ya mango ndi imene ikutchinga fumbi. Akondwa kwambiri. Kadonthoko akutcha "Chilumba cha Bernardina," ndipo akapita nako kumsonkhano ku Maputo. A kampani akuti chaka chamawa adzabzala mango kuzungulira mgodi wonse.

Amalume anandiuza pa foni kuti a Vitória anaona magazi pa kansalu kanu kotsokomolera. Inu simunandiuze. Ndili ndi mantha, amayi, ndipo ndakwiya. Ndinalowa ntchito iyi ndikuganiza kuti tsiku lina idzathandiza kwathu, lero ndine amene ndajambula kuti mayi anga amapuma mpweya wabwino kuposa wa bishopu.

A Reinaldo avomera chinthu chimodzi. Ikabwera mbale imodzi yokha ya pakhomo panu yokhala ndi fumbi, lipoti lisanatsekedwe, kadonthoko kafufutidwa. Ndatumiza zisanu ndi imodzi. Imodzi yokha, amayi. Ndikugwadirani.

Gelson

*

Quelimane, 2 Seputembala 2024

Amayi,

Ndinadikira pa siteji ya shapa masiku atatu otsatizana. Dalaivala akuti katoni munalandira ndi manja anu, ndipo munamupatsa nthochi.

Lipoti latsekedwa. Mudzi usamuka, inu mutsala. Sindikudziwa chimene ndinakulakwirani.

Gelson

*

Kumphambano, Nyumba Nambala 14, 4 Novembala 2024

Gelson,

Moni wake ndi yemweyo. Sindikufunsa za moyo wako chifukwa ndikudziwa uli bwino, uli kumene kuli mpweya.

Tasamuka, patha masabata atatu. Nyumba ndi ya malata, sindikana. Khomo likuyang'ana kumsewu monga anafunira a Vitória, ndipo malole a mgodi amadutsa pafupi moti dalaivala atafuna akhoza kutenga mchere patebulo osatsika. Khoma ukaliyedzamira limachita mantha. Koma zimenezo ndi zazing'ono.

Iwe mwana, bokosi lako lija linamwa chiyani tsiku limene linasankha malo ano? Chiyambire kutentha, mphepo imazungulira kuseri kwa phiri n'kudzatula zonse pano. Kale fumbi ndinkachita kukalitapa ndi ndowa, mtunda wonse uja, lero likundipeza pamphasa. Katani ya a Vitória inali yamaluwa, tsopano ndi yotuwa ngati bulu. A Fabião sakundilankhula, akuti ndine ndinawaphunzitsa kudzikumbira dzenje. Dzina la shefi wa fumbi likadalipo, koma mmene akulitchulira masiku ano silikukomanso.

Ndinapita kuofesi ya kampani kukadandaula. Anandionetsa mapu pakhoma, akuti pano ndi poyera, fumbi kulibe. Ndinawaonetsa tsitsi langa. Anati tsitsi si umboni. Ndiye utumize mbale zina msanga. Ulendo uno sindiikamo kanthu, ndikulumbira, zidzadzaza zokha Lachitatu lisanafike.

Amayi ako atsala okha pakati pa mabwinja. Ndinapitako Lamlungu. Aonda, ndipo akamayankhula amapumira pakati pa mawu. Ndinawauza kuti abwere azikhala nafe, anandiyankha kuti walira mvula walira matope, n'kundipatsa mango awiri osapsa. Mlongo wanga ameneyu anandibereka kumsana pothawa nkhondo, ndipo kumuona choncho kukundipweteka. Uwalembere, mwina iwe akumvera.

Tayala lija linali labwino. Lakutsogolo nalonso layamba.

Malume ako,
Florentino

*

Mongue, 18 Novembala 2024

Mwana wanga Gelson,

Ndadzuka. Kalata zako ziwiri ndinalandira, ndipo ndachedwa kuyankha dala, kuti lipoti lako litsekedwe kaye ndi mkwiyo wako uzizire. Ukuti sukudziwa chimene unandilakwira. Sunalakwe, mwana wanga. Unangofunsa mphepo kumene imapita, osafunsa amako kumene akufuna kukhala.

Ine ndinasamutsidwapo kale. Mu 1986 tinathawa ndi zovala za m'thupi, Florentino ali kumsana ndi bala kuphazi, tinawoloka Ruo madzi ali m'chifuwa. Kumsasa anatipatsa malo ndi nambala. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinali nambala, ndinkaima pamzere ndi khadi m'manja. Anthu ake anali abwino, ankatifunira moyo, monga iwe ukundifunira. Koma tsiku limene tinabwerera, abambo ako ananyamula mbewu za mango m'thumba la jekete, n'kundiuza kuti tikabzala izi sitidzayendanso. Tinapeza pano pali tchire lofika m'khosi. Tinalambula ndi khasu limodzi, mosinthana. Atamwalira, iwe uli ndi zaka zitatu, kumanda akale anthu ankaopabe mabomba okwirira, ndiye tinawagoneka pansi pa mitengo yawo.

Mbale zoyamba ndinatsuka chifukwa cha manyazi, sindinaname. Ndinali ndisanaganize chilichonse, ndinkadikira yankho lako pa zimene ndinafunsa. Unandiyankha kuti mango ali pamsika, ndipo za abambo ako pali fomu. Unandiuzanso m'kalata yomweyo kuti mbale yoyera imamusiya munthu pamene ali. Ndinati zikomo Ambuye, mwana wanga wandiphunzitsa sayansi. Kuyambira pamenepo ndinkatsuka ndikudziwa.

Chifuwa chilipo, magazi alipo, sindikubisanso. Ndinapita kuchipatala ku Milange, anandipatsa mankhwala n'kundiuza kuti ndichoke pafumbi. Ndinawafunsa kuti ndipite kuti, kumphambano? Mantha ndili nawo, usaganize kuti ndine mwala. Koma ndikaika pa sikelo kufera pano ndi kukafera m'Nyumba Nambala 15, mtima wanga suchedwa kusankha. A Reinaldo uwauze kuti mango satchinga fumbi, asavutitse mitengo ya eni. Masamba ake ali mbuu, chaka chino abereka ochepa.

M'katonimu muli mbale ija ndinati ili ndi ntchito. Tsiku loyamba lomwe ndinaipaka vaselini n'kuiika kumutu kwa manda a abambo ako, ndipo sindinaikhudzepo. Ukapisamo chala chimalowa mpaka chikhadabo kubisika. Iyi usaipereke kwa bokosi lako, ndi yako. Uiyeze wekha, udziwe kuti zimene unkanena zinali zoona, ndiponso kuti amako ankadziwa. Ukatha, utenge nzeru zakozo ukathandize amalume ako ndi anzawo kumphambano, iwo ndi amene akufuna kuchoka. Ubwere pa Khirisimasi ndi kope lako, ndidzakuimika pamene ndimapetera, ulembe mphepo ya mwezi uliwonse ndikadali ndi mawu.

Zisanu ndi imodzi za mu Ogasiti zija sindibweza. Ndazikulunga mu nsalu ya kapulana, zili pansi pa bedi. Tsiku limene mudzandigoneke pambali pa a Mikayeli, anthu adzadyeramo, ndipo a Fátima akadzayang'ana adzapeza zili zoyera.

Ndine mayi ako,
Bernardina